Phunziro: Kodi Kachipangizo Koimbira Nyimbo Zokha Kakadali ndi Ntchito?

Patebulopa ndaikapo zinthu zitatu, ndipo ndikufuna kuti aliyense azione bwino tisanayambe. Iyi ndi kaseti, chikuto chake chinang'ambika kalekale. Aka ndi kawayilesi kokhala ndi sola pamsana ndi kabowo kolowetsamo memori khadi m'mbali. Iyi ndi foni yanga. Zitatu zonsezi zandisungirapo nyimbo pa nthawi zosiyana za moyo wanga. Funso lathu lero ndi lakuti: popeza foni imaimba nyimbo, imajambula zithunzi, imatumiza ndalama komanso imatilumikiza ndi abale, kodi pali chifukwa choti munthu akhalenso ndi kachipangizo kena kongoimba nyimbo basi? Kuti tiyankhe moona, tiyenera kudziwa kaye kumene tizipangizoti tinachokera ndi mmene timagwirira ntchito.

Kale nyimbo inali ya aliyense amene ali pafupi. Ng'oma ikalira, mudzi wonse unkamva. Galamafoni kapena wayilesi ikatsegulidwa, a m'nyumba ndi oyandikana nawo ankamvera limodzi, kaya afune kaya asafune. Zinthu zinasintha pa 1 July 1979, pamene kampani ya Sony ku Japan inayamba kugulitsa kachipangizo kotchedwa Walkman, mtundu wa TPS-L2. Mmodzi mwa amene anayambitsa kampaniyo, Masaru Ibuka, ankayenda maulendo ataliatali pandege ndipo ankafuna kumamvera nyimbo m'njira popanda kunyamula chiwayilesi cholemera. Akatswiri ake anatenga kachipangizo kojambulira mawu kamene atolankhani ankagwiritsa ntchito, n'kuchotsamo mbali yojambulira ndi sipika, n'kuikapo mahedifoni opepuka. Kaseti yokhayo inalipo kale, chifukwa kampani ya Philips inaitulutsa mu 1963.

Pali kanthu kamodzi pa Walkman yoyambayo kamene ndimafuna kuti ophunzira azikakumbukira. Inali ndi mabowo awiri olowetsamo mahedifoni, komanso batani lofiirira ngati lalanje limene munthu akalidina, nyimbo inkatsika mawu kuti awiriwo alankhulane. Akio Morita, mtsogoleri wa Sony pa nthawiyo, ankaopa kuti kumvera nyimbo wekha pakati pa anthu kuoneka ngati mwano. Koma ogula anasonyeza kuti chimene ankafuna n'chomwecho, kukhala paokha ndi nyimbo yawo, ndipo mitundu yambiri yobwera pambuyo inatsala ndi bowo limodzi. Pofika mu 2010, pamene Sony inasiya kupanga Walkman ya kaseti ku Japan, inali itagulitsa pafupifupi 200 miliyoni.

Kwathu kuno Walkman sinali ya aliyense. Kawirikawiri inkabwera ndi achibale ochokera ku Joni, ndipo mnyamata amene anali nayo ankadziwika dera lonse. Ambirife makaseti tinkamvera pawayilesi yaikulu ya pakhomo. M'zaka za m'ma 1990 makaseti a oimba monga Lucius Banda ndi Alleluya Band ya ku Balaka ankafika m'misika kudzera kwa ogulitsa ngati O.G. Issa wa ku Limbe. Tayang'anani timabowo tiwiri tili pakati pa kasetiyi. Kubweza tepi ndi wayilesi kunkadya mabatire, choncho tinkalowetsa bolopeni m'kabowo kamodzi n'kumaizunguza kasetiyo m'mwamba mpaka tepi itabwerera poyambira. Wayilesi ikameza tepi, tinkaisolola pang'onopang'ono, n'kuiwongola ndi chala, ndipo ikaduka tinkailumikiza ndi kachidutswa ka selotepi. Pamalo olumikizapo nyimbo inkadumpha, ndipo mpaka lero pali nyimbo zina zimene ndikamamva ndimayembekezera kudumphako.

Za ma CD sindichedwapo. Sony inatulutsa choimbira ma CD cha m'manja mu 1984. Mawu ake anali oyera kuposa a kaseti, koma chikagwedezeka pang'ono nyimbo inkadumpha, moti pamsewu wafumbi chinalibe ntchito kwenikweni.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi MP3, ndipo apa ndikufuna mumvetsere bwino chifukwa ndi pamene pagona phunziro la sayansi. Pa CD mawu amasungidwa ngati manambala. Makina amayeza mawu ka 44,100 pa sekondi iliyonse, kumanzere ndi kumanja, ndipo zonsezi zikaphatikizidwa zimakwana makilobiti 1,411 pa sekondi. Nyimbo ya mphindi 4 imatenga malo okwana pafupifupi 40 MB. M'zaka za m'ma 1990 malo amenewa anali ambiri zedi. Akatswiri a ku Fraunhofer Institute mumzinda wa Erlangen ku Germany, mmodzi mwa iwo Karlheinz Brandenburg, anafunsa funso lanzeru: kodi khutu la munthu limamva zonse zimene zili pa CD?

Yankho lake mukulidziwa kale, ngakhale simunaliganizirepo. Mukakhala kuchigayo injini ikulira, mnzanu akakunong'onezani simumva kanthu. Mawu ake alipo ndithu, akuyenda mumpweya, koma phokoso lalikulu lawaphimba. M'nyimbo zimachitikanso chimodzimodzi: ng'oma ikagunda mwamphamvu, timawu tating'ono tomveka nthawi yomweyo kapena kamphindi kotsatira sitifika m'maganizo mwathu. MP3 imafufuza timawu tophimbikato n'kutitaya, kapena kutisunga mosasamala kwenikweni, n'kusunga bwino zimene khutu limamvadi. Zikatero nyimbo ija ya 40 MB imatsika kufika pafupifupi 4 MB ikasungidwa pa makilobiti 128 pa sekondi. Njirayi inavomerezedwa mu 1993, ndipo dzina loti .mp3 linasankhidwa mu July 1995. Lembani lamulo ili m'makope mwanu, tiligwiritsa ntchito posachedwa: pa makilobiti 128, mphindi imodzi ya nyimbo ndi pafupifupi 1 MB.

Choimbira MP3 cha m'manja choyamba kugulitsidwa chinali MPMan, chopangidwa ku South Korea mu 1998. Chinali ndi malo a 32 MB, kutanthauza nyimbo 8 zokha. Patangopita zaka zitatu, pa 23 October 2001, kampani ya Apple inatulutsa iPod ya 5 GB, yosunga nyimbo pafupifupi 1,000, pamtengo wa madola 399. Inagulidwa kwambiri, moti m'chaka cha 2008 chokha Apple inagulitsa ma iPod oposa 54 miliyoni. Koma chodzailowa m'malo chinali chitabadwa kale m'nyumba yomweyo. Mu January 2007 Steve Jobs wa ku Apple posonyeza iPhone yoyamba anaifotokoza ngati zinthu zitatu m'chimodzi, ndipo choyamba kuchitchula chinali iPod. Kuyambira pamenepo mitundu ya iPod inayamba kutha umodziumodzi: iPod classic mu 2014, nano ndi shuffle mu 2017, ndipo iPod touch, yomaliza, mu May 2022.

Munthu wowerenga mbiriyi angaganize kuti nkhani yatha, foni yapambana. Kwa anthu ambiri zilidi choncho, ndipo sindikufuna kuti wina achoke muno akuganiza kuti ndikunyoza foni. Munthu amene ali ndi foni yakeyake, magetsi osavuta, ndipo amamvera nyimbo mwa apo ndi apo, safunika kugula china. Ngakhale foni yamabatani yokhala ndi memori khadi imaimba nyimbo bwinobwino ndipo batire lake limakhala masiku angapo. Koma mawu oti anthu ambiri sakutanthauza anthu onse, ndipo tiyeni tione amene atsalawo.

Tiyambe ndi masamu a bandulo. Masiku ano kumvera nyimbo pafoni nthawi zambiri kumatanthauza kuzimvera pa intaneti, kudzera pa Spotify, Boomplay, Audiomack kapena YouTube. Spotify inayamba ku Sweden mu 2008 ndipo inafika ku Malawi, Zambia ndi mayiko ena ambiri a mu Africa mu 2021. Nyimbo ikamabwera pa makilobiti 160 pa sekondi, ola limodzi limadya 72 MB. Munthu womvera maola awiri patsiku amathera 144 MB, ndipo pamwezi zimapitirira 4 GB. Mwezi wotsatira ayenera kugulanso bandulo ina kuti amve nyimbo zomwezo. Tsopano tengani lamulo lathu lija. Memori khadi ya 8 GB imasunga mphindi pafupifupi 8,000, zomwe ndi nyimbo 2,000 za mphindi 4. Mwagula kamodzi, ndipo imaimba ngakhale kumene kulibe netiweki. Inde, khadi lomweli mukhoza kuliika m'foni. Koma dziwani kuti mafoni odula akuchotsa mwayi umenewu: iPhone sinakhalepo ndi polowetsa memori khadi, Samsung inachotsa malowo pa Galaxy S21 mu 2021, ndipo bowo la mahedifoni linachoka pa iPhone 7 mu 2016, makampani ena n'kutsatira.

Kenako ganizirani za batire, komanso za mwini foni. M'mabanja ambiri akumudzi foni ndi imodzi. Ndi yomweyo yolandirira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, yoimbira kuchipatala usiku, younikira potuluka panja. Kukatchajitsa kumafuna ndalama ndi ulendo wopita pa sitolo. Bambo akapita kumsika foni imapita nawo, ndipo otsala pakhomo amatsala opanda nyimbo. Kholo limene limakaniza mwana kumvera nyimbo pafoni silikuchita nkhanza, likusunga moto wa chinthu chimene banja lonse limadalira. Apa ndi pamene kawayilesi aka kamalowera. Kamatchajidwa ndi dzuwa, kamagwira FM, kamawerenga memori khadi ndi fulashi, ndipo kakagwa pansi palibe sikirini yoti isweke. Mumakaona kolendewera pa hendulo ya njinga ya kabaza, pamphepete pa dimba, pa benchi ya wogulitsa tomato. Olemba nkhani za zipangizo ku Ulaya ndi ku America akamanena kuti choimbira nyimbo chapadera chinafa, amakhala akunena za iPod. Kuno chinangosintha maonekedwe, n'kubwereranso ku khalidwe lakale lomvera pamodzi.

Palinso anthu amene kwa iwo foni yamakono ndi yovuta kugwiritsa ntchito. Sikirini yosalala ilibe poti chala chigwire, pamene batani lenileni munthu amalipeza ngakhale mumdima. N'chifukwa chake anthu osaona m'mayiko ambiri amagwiritsabe ntchito tizipangizo tapadera towerengera mabuku a mawu, monga Victor Reader Stream ya kampani ya HumanWare. Bungwe la Faith Comes By Hearing limagawa kachipangizo kotchedwa Proclaimer, kokhala ndi sola ndi chopukusa pamanja, kamene kamawerenga Chipangano Chatsopano m'zinenero zambiri kuti gulu la anthu limvere pamodzi. Agogo amene maso anafooka sangathe kufufuza nyimbo pasikirini, koma mukawasonyeza batani limodzi lotsegulira ndi lina lopitira kutsogolo, amadziimbira okha nyimbo zakwaya tsiku lonse osadikira mdzukulu.

Tsopano ndifike pa chifukwa chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu, ndipo chikukhudza inuyo mwachindunji. Foni imaitana. Mwakhala pansi kuti muwerenge, mwaika nyimbo yapansipansi, ndiye uthenga wa WhatsApp walowa. Mwati mungouona, kenako mwayankha, kenako mwatsegula Facebook, ndipo mukadzadzidzimuka ola latha, buku likadali patsamba lomwe lija. Si kuti ndinu ofooka kuposa ena ayi. Mapulogalamu ambiri a pafoni amapeza ndalama malinga ndi nthawi imene maso anu akhala pasikirini, choncho anapangidwa mwadala kuti akubwezeni. Kachipangizo koimba nyimbo zokha kalibe chokuitanirani. Nyimbo ikayamba imafika kumapeto, ndipo chimbale mumachimva motsatana mmene woimba anachikonzera. Ine ndinazindikira kuti kwa zaka zingapo sindinamvepo chimbale chilichonse chathunthu, pamene za pakaseti ndimazidziwa mpaka nyimbo yotsatira isanayambe. Zimenezi zinandimvetsa chisoni, chifukwa woimba amavutika posanja nyimbo zake kuti ina itsogolere inzake. Dziko la France linaletsa mafoni m'masukulu a ana osapitirira zaka 15 mu 2018, ndipo masukulu athu ambiri ogonera komweko salolanso mafoni. Makolo ena amene akufuna kuti mwana akhale ndi nyimbo koma asalowe pa intaneti msanga amamugulira kachoimbira kotchipa, ndipo ine ndimaona kuti amachita bwino.

Nanga za kukoma kwa mawu? Apa ndikuchenjezeni, chifukwa otsatsa malonda amakokomeza. Zoimbira zapamwamba zikupangidwabe. Sony ikugulitsabe Walkman yamakono, monga NW-A306 ya mu 2023, ndipo ina yotchedwa NW-WM1ZM2, ya thupi la kopa wokutidwa ndi golide, imadula madola oposa 3,000. Makampani a Astell&Kern ku South Korea ndi FiiO ku China amapanganso zoterezi. Chimene amagulitsa kwenikweni ndi mbali ziwiri za mkati: DAC, kachipangizo kosandutsa manambala aja kukhala mphamvu yamagetsi yogwedeza sipika, ndi ampulifaya yokuza mphamvuyo. Mahedifoni ena aakulu amafuna mphamvu yoposa imene foni ingapereke, ndipo kwa mwini mahedifoni oterowo kusiyana kumamvekadi. Zoimbirazi zimawerenganso mafayilo a FLAC, amene amachepetsa kukula kwa nyimbo popanda kutaya kalikonse. Koma khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira pa 20 Hz kufika pa 20,000 Hz basi, ndipo CD inakwanitsa kale malire amenewa. Mukamamvera ndi timahedifoni ta pamsika muli m'minibasi, choimbira cha madola 3,000 sichingakuthandizeni chilichonse. Wofuna mawu abwino ayambe wagula mahedifoni abwino ndi kupeza mafayilo osungidwa bwino, chifukwa nyimbo imene yatumizidwa kambirimbiri n'kumapanikizidwa mobwerezabwereza imamveka ngati ikuchokera m'chitini, kaya muiimbire pa chiyani.

Memori khadi nayo ili ndi mavuto ake, ndipo limodzi linandigwera ine. Ndinagula khadi kwa wogulitsa wina m'mbali mwa msewu, lolembedwa 32 GB, pamtengo wotsika mokayikitsa. Ndinakoperamo nyimbo zakwaya zimene ndinazijambula ndekha kutchalitchi kwa zaka zingapo, kenako n'kuzifufuta pakompyuta poganiza kuti zasungika. Patapita masiku, zoyambirira zokha ndi zimene zinkaimba, zotsalazo zinangokhala maina opanda mawu. Khadilo linali laling'ono, koma linakonzedwa kuti lizinamiza makina kuti ndi lalikulu. Ena mwa amene anaimba m'nyimbozo anatisiya, ndipo mawu awo sindidzawapezanso. Choncho khadi latsopano muziyamba mwalidzaza ndi mafayilo osafunika n'kuona ngati onse akutseguka, ndipo chinthu chamtengo wapatali muzichisunga malo awiri.

Vuto lina ndi la chilungamo kwa oimba. M'misika yathu muli anyamata okhala ndi kompyuta amene amabena nyimbo mazanamazana m'khadi pa ndalama yochepa. Kwa wogula n'zosangalatsa, koma woimba amene analipira situdiyo nthawi zambiri sapezapo kanthu. Pa nthawi ya kaseti, kaseti yeniyeni ikagulidwa kanthu kankafika kwa mwini nyimbo. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limatolera ndalama za oimba ndi olemba m'Malawi, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la 2016 linabweretsa msonkho wapadera pa zipangizo zosungira nyimbo kuti eni ntchito azipezako kangachepe. Komabe zimenezi sizichotsa udindo wa womvera. Ngati khadi lanu ladzaza ndi nyimbo za woimba amene mumamukonda, gulani nyimbo zake kumene iye amazigulitsa, kapena lipirani pakhomo akabwera kudzaimba m'dera lanu.

Chomaliza chokhudza zipangizo zonsezi, kaya foni kaya choimbira chapadera, ndi makutu anu. Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tiubweya timene timasandutsa kugwedezeka kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limawononga timaseloti, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowonongeka makutu chifukwa cha kamvedwe kosasamala. Malire amene limapereka kwa munthu wamkulu ndi madesibelo 80 kwa maola 40 pamlungu, ndipo mukakweza ndi madesibelo 3 okha nthawiyo imatsika ndi theka. Pa 83 ndi maola 20, pa 86 ndi maola 10, pa 89 ndi maola 5. Voliyumu isapitirire magawo 60 pa 100 alionse, ndipo ngati mnzanu wokhala pafupi akumva nyimbo yotuluka m'mahedifoni anu, kapena m'makutu mukulira mukawavula, mwapyola kale malire.

Ntchito yokachita kunyumba ili pawiri. Choyamba, werengerani kuti khadi la 16 GB lingasunge nyimbo zingati za mphindi 5 pa makilobiti 128, kenako muwerengerenso pa makilobiti 320, pokumbukira kuti pamenepo mphindi imodzi imatenga 2.4 MB. Chachiwiri, pezani munthu wamkulu kwanuko amene anakhalapo ndi makaseti. Mufunseni kaseti yoyamba imene anagula, kumene anaigula, ndi nyimbo imene inali yoyamba kumbali yachiwiri. Mulembe zimene akuuzeni m'mawu ake omwe, ndipo tidzawerengerana Lachisanu.